Msomali pa Chimbale cha Obdulia

Obdulia Ferrán anayamba kuimba mano a ubwana asanaguluke, ndipo ine ndinalipo. Tinakulira mumsewu umodzi ku Cienfuegos, makomo athu oyang'anizana. Mayi ake ankachapira zovala amalinyero, bambo ake sitinawaonepo. Iye Mulungu anamupatsa mawu, ine anandipatsa dzanja lamanzere limene masisitere a kusukulu analimenya ndi rula mpaka kutopa okha. Anthu ankangoti uyo ndi Obdulia woimba, uyu ndi Manzere. Dzina langa la Nereida linkamveka kutchalitchi kokha.

Pofika zaka makumi awiri, mtsikanayo anali akuimba nyimbo zachikondi za bolero m'mahotela a kudoko ndi gulu la amuna asanu, onse omufuna, onse okanidwa. Ine ndinapeza ntchito pa wailesi ina yaing'ono ya m'tauni mwathu, yosunga zimbale ndi kuzipukuta fumbi. Kumeneko ndi kumene anamujambula mu 1958: chimbale chimodzi chokha, nyimbo ziwiri, ina kuseri kwa inzake. Ankachiimba masana, ndipo amayi ankaiwala simbi pa malaya a amuna awo.

Mu 1962 anachoka, sutikesi imodzi m'manja. Chimbalecho sakanachitenga chifukwa chinali cha wailesi.

"Undisungire mawu anga, Manzere," anatero pondikumbatira. "Khirisimasi ino ndidzadyera kuno. Usamalize nkhumba wekha, ndimakudziwa."

Aliyense wochoka masiku amenewo ankanena za Khirisimasi.

Patapita miyezi iwiri, mkulu wathu wa pa ntchito, bambo Leovigildo, anandiikira patebulo pepala la mayina ndi msomali wa mainchesi anayi. Woimba aliyense wothawa dziko anali ngati sanabadwepo. Dzina lake silinkatchulidwa, ndipo chimbale chake tinkachikanda ndi msomali kuti wina asadzachiimbe mwangozi. Dzina la Obdulia linali lachisanu ndi chinayi.

Ndakhala ndikufuna kunena kuti bamboyo anandiimirira kumsana, koma limenelo lingakhale bodza lachiwiri. Anapita kukamwa khofi, ndinatsala ndekha. Ndikanatha kulowetsa chimbale cha Obdulia m'chikwama popanda wondiona. Koma tauni yonse inkadziwa kuti ndinali mnzake wa Obdulia, ndipo ndinkafuna andione kuti ndine woyera. Ndinayamba ndi iyeyo, ndinalumpha anthu asanu ndi atatu. Mizere itatu mbali iyi, itatu mbali inayo, yakuya, kenako ndinakachiika pamwamba pa tebulo la bamboyo kuti achione bwino. Mawa lake ndinachitola m'zinyalala n'kukachibisa pansi pa nsalu za pabedi m'kabati. Chinakhala mmenemo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.

Moyo wa Obdulia ndinkaumva m'makalata odzera kwa msuwani wake wa ku Spain. Ku Mexico anaimba zaka ziwiri m'malo odyera, anthu akugogoda mbale ndi mafoloko. Kenako anakafika ku Union City, kumene anthu akwathu anadzaza misewu, nalowa fakitale yopeta nsalu. Ntchito yake inali kuyang'ana ulusi wa anzake ndi kubweza zolakwika. Loweruka ankavala diresi lake lobiriwira n'kukaimba pa maukwati, pa maubatizo, pa madyerero a atsikana okwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Amuna atatu anamulonjeza kuti amujambula chimbale. Wachitatuyo anamukwatira, koma chimbale sichinaoneke, ndipo patapita nthawi mwamunanso sanaoneke. Mu 1991 madokotala anamuchita opaleshoni ya pakhosi, mawu anatsala ngati a sowo yobuntha.

Kalata iliyonse inkathera ndi funso limodzi: "Chilipo?" Ine ndinkayankha kuti chilipo, chili bwinobwino.

Mu 1998 mwana wanga Yamilé, amene naye anali atasamukira ku Union City komweko, ananditumizira tikiti. Ndinaganiza zosiya chimbale chija, ndinaganiza zonena kuti anandilanda pa bwalo la ndege. Koma ndinachikulunga m'thawulo n'kunyamula, mwina chifukwa ndinali nditatopa nacho.

Ndinafika kwa Obdulia Lamlungu masana. Nyumba yonse inkanunkhira nyemba zakuda ndi nkhumba yootcha.

"Khirisimasi yachedwa, amwali, koma nayi," anatero ndi mawu okhakhala aja. "Taona mmene wafotera! Kodi kwanuko mumadya mphepo?"

Ndinaseka n'kulowa m'khitchini. Anali ataitana amayi atatu a kufakitale, ndipo anabwereka galamafoni kwa wometa tsitsi wa pansi pa nyumbayo.

"Awa zaka zonsezi amati ndimanama zoti ndinamvekapo pa wailesi," anatero. "Makamaka Caridad uyu, pakamwa pake sipatsekeka."

"Ifetu timakudziwa ukuimbira ana odya keke," anayankha Caridad. "Ika timve, mfumukazi."

Obdulia anamasula thawulo yekha, mofulumira, osayang'ana n'komwe, n'kuika singano. Gitala analira. Kenako mawu aja anatuluka, mawu a mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, oyera ngati madzi a m'botolo. Sanamalize ngakhale mzere umodzi. Singano inadumpha, thi! Mawu atatu, thi! Mawu awiri, thi! Nyimbo yonse inayenda chotero, motsimphina, mpaka kumapeto.

Caridad ndiye anayamba kupukuta misozi.

"Unalidi iweyo, mayi," anatero. "Koma galu amene anachita izi, dzanja lake liume!"

Apa ndi pamene ndikanayankhula.

Obdulia anachotsa chimbalecho n'kupita nacho pazenera. Anavala magalasi, anachipendeketsa padzuwa, n'kuyendetsa chala m'mizere ija, monga ankachitira ndi nsalu za kufakitale, kumene ankati amadziwa wopeta aliyense pongoona kumene ulusi wake wapendekera. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali pambali pake, moti anandiuza motsitsa, anzakewo osamva.

"Mizereyi yayambira kumanja kupita kumanzere, amwali. Ndipo munthuyo anakanikiza."

Sanadikire yankho. Anatembenukira kwa alendo ake.

"Atsikana, muthokozeni Nereida uyu. Anandisungira mawu anga zaka zonsezi, pamene ena ankaopa ndi kutchula dzina langa komwe."

Anaomba m'manja amayi aja, Caridad mpaka kundipsompsona patsaya. M'moyo wanga wonse Obdulia anali asananditchulepo Nereida. Anathira khofi m'timakapu, n'kupatsa aliyense. Kanga anakaika patsogolo panga, kenako anakatembenuza pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, mpaka chogwirira chinaloza kudzanja langa lamanzere.