Nambala ya pa Katoni

Ndinagwirako ntchito kwa alamu anga, amene ankanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Mangochi kupita ku Joni. Ine ku Joniko sindinapondeko phazi. Ntchito yanga inali ya pakhonde: kumata makatoni ndi selotepi, kenako kulemba pamwamba dzina la wolandira ndi nambala yake ya foni. Galimoto ikafika uko, dalaivala ankangowerenga pa katoni n'kuimbira mwini wake kuti adzatenge. Usipa, utaka, mpunga, ufa woyera, thelele louma, zonsezi zinkadutsa m'manja mwanga. Ndinkanunkha nsomba sabata yonse mpaka amuna anga anatopa n'kudandaula.

Mwa anthu obwera pakhondepo munali amayi ena amene dziko lonse linkawadziwa. Iwo ndi amuna awo anali oimba, mayi mawu, bambo kiyibodi. Nyimbo zawo zinkalira pa wailesi, m'maminibasi, ngakhale m'mafoni a akabaza, ndipo mabanja ena ankasuntha tsiku la ukwati kuti awiriwa apezekepo. Anali ndi mwana mmodzi yekha, namwali wongomaliza kumene sukulu. Dzina lake sindilemba pano, ngakhale dzanja langa lidalizolowera.

Ulendo wina wokaimbira Amalawi a ku Joni anamutenga kuti akaoneko dziko. Tsiku lobwerera, ali pa depoti yaikulu ya mabasi, mtsikanayo anati akagule madzi akumwa. Sanabwererenso. Makolo ake anayenda kupolisi, m'zipatala, mpaka kumochale. Chithunzi chake chinazungulira m'mafoni onse. Mpaka lero palibe amene akudziwa chimene chidachitika.

Anthu akwathu pakamwa sapumira. Ena ankati wathawa ndi mwamuna, ena n'kumanong'ona kuti makolo amukhwimira kuti nyimbo zitchuke. Mayi wina wogulitsa mandasi atanena zimenezi pamaso panga ndinamukumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mandasi ake ndinasiya kugula ngakhale anali okoma. Patapita chaka, achibale a bamboyo anayamba kukamba zophika sadaka. Amayi aja anakana, amvekere sadaka amaphikira akufa. Kuchokera pamenepo anthu anasiya kutchula dzina la mwanayo pamaso pawo. Ankachita izi mwachifundo, inenso ndinali mmodzi wa iwo.

Tsiku loyamba limene amayi aja anabwera ndi katoni yawo ndinasowa poyang'ana. Anaiika patebulo n'kunditchulira dzina la mwana wawo, ine n'kulemba. Kenako pakamwa panga panatuluka funso la masiku onse.

"Nanga nambala?"

Foni ya mwanayo idazima tsiku lomwe adasowa lija.

"Lembani yanga, amwali," anatero.

Alamu anga anagwirizana ndi dalaivala wathu, bambo wachikulire wosakonda zolankhula, kuti katoni imeneyi asamaimbire foni. Ankaisunga masiku angapo, kenako n'kukaipereka kwa amayi akwathu amene ankakumana pamzikiti wina kumeneko. Eni katoni ankadziwa zonsezi ndipo sankadandaula. Ulendo uliwonse ankabwerabe, mkati muli utaka, mpunga ndi kabotolo ka achali ya mango. Ine ndinkamata mosamala kuposa makatoni onse, selotepi kawirikawiri m'makona.

Ndiye dalaivala uja anadwala, alamu n'kupeza wina. Sabata imeneyo mwana wanga anali ndi malungo, mutu wanga sunali pantchito. Ndinalemba, ndinamata, galimoto inanyamuka. Zomuuza munthu watsopanoyo ndinaiwala.

Nkhani inandipeza Lachitatu m'mawa, ndi mnzanga wogulitsa tomato. Amayi aja anali pamsika pamene foni yawo inalira, nambala ya ku Joni. Atayankha, mawu a mwamuna anayamba ndi kutchula dzina la mwana wawo. Mnzangayo anati amayiwo anangokhala pansi pakati pa madengu, akufunsa kuti wapezeka, wapezeka? Dalaivala watsopano uja, posadziwa kanthu, anati ayi, iye akunena za katoni, mwini wake abwere adzatenge lisanafike Lachisanu.

Ndinamva manyazi amene sindidawamvepo. Ndinaganiza zotuma alamu, koma cholakwa chinali changa. Masana omwewo ndinakwera kabaza wa kwa Mponda kumene ankakhala, njira yonse ndikukonza mawu opepesera, onse osakwanira.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha mpunga. Amuna awo anandilandira, anandipatsa mpando, n'kulowa m'nyumba. Mpandowo sindinaukhale. Ndinagwada pafupi ndi lichero.

"Amayi, ndakulakwirani. Ndine amene ndinaiwala kumuuza dalaivala."

Anapitiriza kusankha. Maso anali otupa, ndipo ndinadziwa kuti alira kwambiri chifukwa cha ine.

"Mwadya, amwali?"

"Ndadya."

"Bodza. Milomo yauma gwa."

Anaitanitsa tiyi. Ndinamwa ngati mankhwala, ndikudikira kuti andikalipire, pakuti zikanandipepukira. Koma iwo anayamba kundifunsa za dalaivalayo: kwawo n'kuti, ali ndi ana angati. Ndinayankha zimene ndinkadziwa.

"Munthu ameneyu anandikalipira, mukudziwa?" anatero, akuseka pang'ono. "Akuti mwana wanuyo muuzeni asamachedwe, ife sitisunga katundu wa anthu aulesi."

Ndinaphimba nkhope ndi manja.

"Ayi, musatero," anandigwira mkono. "Mtima unandiima, zoona, ndipo sindikufuna zindichitikirenso pamsika. Koma ndafika kunyumba n'kukhala pansi, ndaganiza. Zaka zonsezi, aliyense akafika pa dzina la mwana wanga amalilumpha. Abale anga, ashehe, ngakhale bambo akewa. Inu nomwe mumalilemba osalitchula. Uyu walitchula bwinobwino, ngati la munthu amene angochedwa kubwera. Ndipo walitchulira kumene kuli iyeyo."

Misozi yanga inagwera mumpunga wawo. Iwo anangosuntha lichero.

Ponditsazika pageti anandiuza zimene ankafuna. Dalaivala aliyense, wakale kaya watsopano, akafika ku Joni aziimba ndithu, monga amachitira ndi makatoni ena onse. Ine ndiziwadziwitsa tsiku lake kuti azikhala pakhomo.

"Nanga akafunsa kuti mwini katundu ali kuti, ndimuuze chiyani?" ndinafunsa.

"Musamuuze kanthu. Ndiziyankha ndekha," anatero. "Ndizimuuza kuti amusungireko pang'ono."