Nsungwi ya asibweni

Ndikukumbukira holide ya Khirisimasi ndili Fomu 2. Amayi, atatopa ndi makalata a aphunzitsi, ananditumiza ku Mwazisi kwa asibweni, alongo awo, kuti akandiwongole. Asibweniwo anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya, ndipo ufumu wawo wonse unali m'nsungwi yoyezera ndime za aganyu. Kutalika kwake ngati yothyolera mapapaya! Wolephera kumaliza ndime yake yopalira, tsikulo linkapita pachabe.

Amene ankazunzika kwambiri anali NyaGondwe, mayi wamasiye wa mwana kumsana. Anzawo onse akaweruka, iwo amakhala akadawerama, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, mwana akulira mpaka mawu kusasa. Tsiku lina ndinamva asibweni akuti, "Mama, mukalepheranso sabata ino musadzabwerenso. Kuno si kutchalitchi."

Basi, ine ndi mpeni wanga tinagwirizana. Asibweni akangolowa kubafa, ndinkadula nsonga ya nsungwi ija pang'ono, n'kupaka dothi podulapo. Mawa lake chimodzimodzi. Pofika Loweruka, NyaGondwe anaweruka limodzi ndi anzawo, khasu paphewa.

"Waona, mphwanga?" anadzitama asibweni. "Anthu awa amafuna kuwakalipira."

"Zoona, asibweni."

Chinandigwiritsa ndi dyera: ndinadula mopyola. Asibweni anatsamiritsa nsungwi pachigafa choyanikira fodya, pomwe inkagunda denga masiku onse, koma iyo inangodutsa pansi pa udzu n'kugwa phofo! Anayang'ana nsungwi, anayang'ana ine. Anandikwapula nayo yomweyo mpaka inang'ambika. Madzulo NyaGondwe anandisiyira mango kuseri kwa khitchini, n'kunong'ona mothokoza m'chiyankhulo chakwawo, "Yewo chomene, dada." Ndinadya chiimirire, kukhala pansi kunali kosatheka.

M'mawa mwake kunalibe choyezera. Aganyu ali chilili, asibweni anaunguza woti akadule nsungwi yatsopano kudambo, ndipo wopanda khasu pamenepo ndinali ine ndekha. Ndinasankha bwinobwino, mwachikondi, yofupikirako.

Masiku ano ndime amayeza ndi tepi, ndipo ogula fodya amabwera ndi magalimoto kudzafunsa ngati aganyu akupuma ndi kumwa madzi abwino. Penapake zimathandiza, penapake a NyaGondwe ena akadawerama. Asibweni, okalamba tsopano, amanenabe kuti sanaonepo aganyu achangu ngati a chaka chimenecho. Ine ndimangoti, "Zoona, asibweni."