Maso Ofiira a Bambo Ometa

Zija mwamva zoti bambo ometa a pakona paja ayamba kumwa mowa ndi bodza lamkunkhuniza. Woyambitsa ndikumudziwa, koma lero ndamukhululukira.

Bambowa ameta mitu ya mumsewu muno kuyambira ife tikadali ndi mamina pamphuno. Kachipinda kawo sikasintha: mpando wopendekera kumanzere, galasi long'aluka pakona, ndi kawailesi koti uyambe wakamenya mbama kuti kalankhule. Mowa sanaulawepo. Koma mayi a kunyumba atamwalira chaka chatha, maso a bambo anasintha. M'mawa ankatsegula chitseko zikope zili psuu, zotupa, akuphethira ngati mwalowa mchenga. Azimayi anayamba kuwoloka msewu ndi ana awo kupita kwa ometa atsopano aja, a nyimbo zogonthetsa m'khutu. Ndani angapereke khutu la mwana wake kwa chidakwa chogwira lumo? Mpando unkangokhala wopanda munthu, bambo akuupukuta, kuupukutanso.

Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi uja, anabwera nkhope ili gwaa.

"Bambo, tsekani kuno muzikakhala kwathu. Anthu akukunenani."

"Nditseke? Mitu ya anthu yasiya kumera?"

"Ndiye tiyeni kuchipatala. Apo ayi ndikunyamulani ndi mpando wanu womwewo."

Anapita, akung'ung'udza njira yonse. Zakumeneko wandiuza ndi mwanayo, musati ndapeka. Adokotala a maso anakoka chikope n'kuwalitsa katochi.

"Kutupa kwa zikope kuli mitundu iwiri, bambo," anatero adokotala. "Kwina n'kwa kunja, pamene pamamera tsitsi la chikope. Pamachita tinkhanambo, kapena mfundu ngati ya m'mutu. Kwina n'kwa mkati, pamene pali timabowo totulutsa mafuta oti diso lisaume. Ena amakhala nazo zonse ziwiri. Kwanuku n'kwa mkati, timabowo tatsekeka."

"Mfundu ndiye ndimaidziwa, ndakalamba nayo," anayankha bambo. "Koma mafuta m'diso? Ndine njinga ine?"

Adokotala anaseka. "Vutoli silinayambe dzulo ayi. Kale mumatani nalo?"

"Kale kunalibe."

"Chabwino. M'mawa uliwonse muziviika kansalu koyera m'madzi ofunda, muziika pamaso, kenako muzisisita zikope pang'onopang'ono. Silitheratu, koma limagona."

Bambo anatembenukira kwa mwana wawo.

"Mayi ako ankandidzutsa choncho. Kansalu kofunda pamaso, chala chikuyenda apa ndi apa. Chikwatiranireni. Ankati ndikadzuka ndimaoneka ngati nkhuku yodwala, sangandilole kutuluka choncho. Ine ndimayesa n'chikondi chabe."

"Nanga sichinali chikondi?" anafunsa mwanayo, iyenso maso atayamba kufiira, ake a mtundu wachitatu umene adokotala sanautchule.

Pobwerera mwanayo anati azibwera m'mawa kudzawaika kansaluko asanapite kusukulu. Bambo anakana. Akuti manja amene ameta anthu onsewa sangalephere maso awiri.

Ndiye mukadutsa pakona m'mawa muwaona. Amakhala pampando wa makasitomala, mutu chagada, kansalu pamaso, chitseko chili pululu kuti aliyense wofuna kununkhiza mowa alowe anunkhize. Milomo imagwedera pang'ono. Ena akuti amapemphera, ine ndikuti amacheza ndi mayi, koma zimenezo sindinakuuzeni ndine. Zikope zaphwa, za kutseka mwanayo sakuzitchulanso, ndipo ana ayambanso kubwera, ngakhale amayi awo amalowa moyang'ana kumbali ngati angosochera.

Bambo ometa samwa mowa, anangotaya munthu amene ankawafunditsira madzi.