Pamene Mzere wa Bwalo Umakhotera

Ndikulemba izi chifukwa ndamva kuti bwalo la masewero la pa koleji yathu ya aphunzitsi likukonzedwanso, ndipo thirakitala ibwera kudzasalaza ponseponse. Ojambula mapulani akuti mzere wa othamanga unakhota pangodya ya kumvuma chifukwa akale sankadziwa kuyeza. Kuyeza ankadziwa. Ine ndinalipo.

Ndinali m'chaka chachiwiri pamene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anatsitsidwa pabwalopo kuti adikire malole opita kumsasa. Pamagolo anamangirirapo malona. Atsikana a kuhositelo tinkadandaula kuti masewero aima, ndipo wodandaula kwambiri ndinali ine. Zimenezi sindikana.

Tsiku lochoka anthuwo, amatironi anandiitana. "Iwe wapakamwa, tenga ndowa unditsate."

Mwana wamkazi wa mayi wina wachisilamu anali atamwalira m'mawa womwewo. Mayiyo analibe mbale aliyense. Manda a mudzi anali kutali, malole anali atafika, ndipo dalaivala mmodzi ankangoliza hutala. Ine ndinatunga madzi osambitsira mtembo. Nsalu yoyera yokulungira inasowa, choncho amatironi anang'amba shiti ya pabedi langa. Shehe wina wa ku Lungwena, amene ankadutsa panjinga, anaimitsidwa pageti, ndipo ndiye anaonetsa kumene manda ayenera kuloza. Mandawo anakumbidwa pangodya ya kumvuma ya bwalo lomwelo. Akazi tinaima patali monga mwa mwambo wawo. Pokwera lole, mayiyo anangonena mawu amodzi kwa abambo osamalira bwalo: "Asamapondepo."

Udzu utameranso, abambowo analembanso mizere ndi laimu, ndipo atafika pangodyapo anaukhotetsa mzere. Aphunzitsi a masewero, amene anali atsopano, anaseka.

"Madala, mwamwa chiyani lero? Mzere kapena njoka?"

"Chitini ndi ichi, bwana. Mukafuna wowongoka, lembani nokha, koma muyambe mwafunsa amatironi."

Anakafunsadi, ndipo sanasekenso. Kuyambira pamenepo aliyense wolemba mizere ankangotsata wakale. Ophunzira akhala akukhota pamenepo zaka zonsezi osadziwa chimene akulambalala. Ine sindinathamangenso pabwalopo. Mpaka lero lole ikaliza hutala, dzanja langa limamva kulemera kwa ndowa ija.

Dzina la mwanayo sindinalifunse, ndipo ndilo tchimo langa. Mayiyo sindidziwa ngati anabwerera kwawo. Chimene ndikupempha akuluakulu a koleji n'chakuti thirakitala isafike pangodyapo. Manda ali masitepe khumi kuchokera pamene mzere wayambira kukhota.

Amene tinalipo ndi awa: mayi wa mwanayo, amatironi, amene anamwalira, shehe wapanjinga, abambo osamalira bwalo, amene anakumba, nawonso anamwalira, amuna awiri othawa nkhondo amene anatsika m'lole kudzathandiza kukwirira, mlonda wa pageti, dalaivala, amene pomalizira pake anazimitsa injini n'kuvula chipewa, ndi ine.