Masamba Amene Anapichirira Fodya

Kusekondale kwathu tinali ndi buku limodzi lokha la nkhani yachingelezi ya pamayeso, ndipo masamba ake omaliza wina anali atawathothola n'kupichirira fodya. Kutatsala masabata awiri kuti tilembe, sindinkadziwabe ngati kamwana kodwala ka m'nkhanimo kanachira. Nditamva kuti kanema wa bukulo akuonetsedwa kuboma ku Mangochi, ndinawalirira bambo mpaka anasiya kusoka ukonde n'kundikweza panjinga kuchokera ku Lungwena.

Pakhomo pa holo anyamata a chipani anakana khadi la umembala la bambo chifukwa linali litafufutika ndi madzi a panyanja. Bambo anagwada pafumbi anthu akuona, mpaka anatilowetsa.

Kanemayo anali woti aonere makolo ndi ana omwe, ndipo ankakoma. Kumapeto kamwanako kanadzuka n'kumathamanga m'munda. Bambo, amene Chingelezi sankachimva, anaomba m'manja misozi ili mbwembwembwe.

Pamayeso funso linati tifotokoze maliro a kamwanako. Ndinaliwerenga katatu. Mayesowo ndinalephera.

Bambo anamwalira akusimbirabe asodzi anzawo za mwana amene anachira uja. Ine sindinawauze zoona.