Fupa la pa Khosi la Besi ya Che Saidi

Fupa likamapalidwa ndi tupa limanunkha ngati tsitsi lopserera. Ndikamva fungo limenelo, ngakhale lero imvi zili mbuu, ndimabwerera pa khonde la Che Saidi ku Balaka, m'chilimwe chomwe ndinali ndi zaka khumi. Dzuwa linkawotcha mpaka malata kumathetheka okha, anyenje akusokosera m'mitengo ya mango, ife ana tikudumphadumpha pa mchenga wotentha.

Che Saidi anali telala, oyandikana nafe nyumba. Iwo anali Asilamu, ife Akhristu a makolo ochokera ku Mozambiki, koma moto tinkapalana. Pochoka ku migodi ya ku Joni anabwera ndi gitala ya besi yoyendera magetsi, ya nsambo zinayi zonenepa, yofiira pakati, yakuda m'mbali. Kumbuyo kwake kunali kachitsulo ka zilembo, ndipo ine, amene ndinkawerenga chilichonse ngakhale chitini cha mafuta, ndinalengeza kwa anthu onse kuti inapangidwa ku Japan. Kuyambira tsiku limenelo Che Saidi ankanditchula kuti Aphunzitsi.

Magetsi kunyumba kwawo kunalibe. Gitalayo ankailumikiza ku batire la galimoto ndi ku sipika yomwe anaikhomera m'bokosi la tiyi. Akakhudza nsambo yaikulu, phokoso silinkalowera m'makutu, linkalowera m'mimba, ndipo nkhuku zinkathawa. Koma besiyo inali ndi matenda ake. Inkang'ung'udza yokha ngati njuchi, mpaka Che Saidi anaitsegula n'kumata m'kati mwake mapepala onyezimira a m'mapaketi a tiyi. Nsambo zikafooka mawu ankaziwiritsa m'chitini, n'kuziyanika pa chingwe pamodzi ndi malaya a makasitomala. Penti itakanduka pangodya, ndinaona kuti thupi lake linali la timatabwa topyapyala tomatikizana. Ine ndinati ku Japan mitengo imamera choncho.

Chaka chimenecho mwana wa mlongo wawo ankakwatiwa, ndipo Che Saidi, monga malume, analonjeza kuti besi idzalira paukwatiwo Loweruka. Lachinayi masana, akumanga nsambo, tinamva kuti thwa! Kapulasitiki koyera ka kumapeto kwa khosi, komwe nsambo zimatsamirapo, kanasweka pakati. Nsambo zinagona pa thabwa n'kumangoti tsetsetse. Che Saidi sanadandaule kwenikweni. Anati ku Joni oimba amachotsa dala kapulasitiki kotere n'kuikapo fupa, chifukwa fupa ndi lolimba ndipo mawu amatuluka oyera. Vuto linali lakuti a butchala sankapha ng'ombe mpaka Loweruka m'mawa.

Sindinadikire kuti amalize. Ndinathamangira kwathu, n'kutola fupa louma, loyera bwino, lomwe linali kuseri kwa khitchini. Che Saidi analigogoda ndi sizasi, nagwedeza mutu mokhutira. Analidula ndi sowo, analipala ndi tupa mpaka thukuta kudontha, kenako anasema timipata tinayi. Atamanga nsambo n'kukhudza, besi inabangula ngati yangobadwa kumene. Amayi ogulitsa zitumbuwa anaimirira pamsewu. Ine ndinavina mpaka kabudula kutsika, ndikuuza aliyense kuti fupalo linali langa.

Ndinakadzitamanso kwa amayi Lachisanu m'mawa, akupeta mapira. Anaika lichero pansi.

"Fupa liti, Yohane?"

"Lija la kuseri kwa khitchini."

"Mwana iwe, lija ndi la nkhumba ija anapha bambo ako pa Khirisimasi."

Che Saidi anali atagwira fupalo masana onse, fumbi lake n'kumawagwera pa malaya. Ndinakakhala pansi pa mlambe n'kuyamba kuweruza mlandu ndekha. Fupa lopalidwa silidziwika mwini wake. Ndikakhala chete, ukwati uyenda bwino ndipo ine ndikhalabe Aphunzitsi. Ndikaulula, besi ikhala chete pamaso pa akuchimuna, ndipo pakhonde paja sindidzapondaponso. Ndinaweruza mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo nthawi zonse maganizo okhala chete ndiwo ankapambana. Koma nditaona Che Saidi akuchokera ku mzikiti, mkanjo uli mbee, miyendo inandinyamula yokha.

Ndinawaululira zonse maso ali pansi. Iwo anamasula nsambo, anatokosa fupalo ndi kamtengo mpaka linagwera pansi, nandiuza kuti ndikalitaye kutali. Anatsuka manja kasanu n'kawiri, kamodzi ndi dothi, ndipo anachita chimodzimodzi ndi tupa, sowo, nsambo ndi nsonga ya khosi la besi, mosamala ngati akusambitsa khanda.

"Ndipite kwathu?" ndinafunsa.

"Iyayi, Aphunzitsi. Mawa mulawirire kwa a butchala. Koma ulendo uno muionetsetse nkhope ya mwini fupalo, ikhale ya nyanga."

Loweruka ndinali woyamba pa msika. A butchala, Che Amadu, anali atamva kale nkhaniyo, ndipo anandikwezera mutu wa ng'ombe kuti ndiupatse moni asanandipatse fupa la mwendo. Tinaliwiritsa kuti mafuta achoke, n'kuliyanika pa malata. Kuukwati ntchungululu zinali zitayamba kale, mpunga ukununkhira mpaka pamsewu, ife tikadali pa tupa. Timipata titatu Che Saidi anasema okha. Ka nsambo yaikulu anandipatsa ine. Ndinasema lilime lili panja.

Tinafika dzuwa litapendeka, batire lili pa wilibala. Nyimbo yoyamba inali ya chipani, monga zinkakhalira masiku amenewo, ndipo anthu anaomba m'manja mwaulemu. Yachiwiri itayamba, Che Saidi anaitsitsa besi ija mpaka pansi penipeni, fumbi linakwera, ndipo ngakhale akuchimuna omwe anakhala mwaulemu pa mipando anaiwala ulemu wawo. Ine ndinaima pafupi ndi sipika, m'mimba mukunjenjemera, ndikumva kampata kanga m'mawu aliwonse.

Nditakula ndinawerenga kuti magitala amtunduwu anali otchipa, opangidwa ambirimbiri kuti ongoyamba kumene aziphunzirirapo, ndi kuti timatabwa tija si mtengo wa ku Japan ayi. Besi ija ilipobe kwa mdzukulu wawo ku Liwonde, ndipo ndinakaiona posachedwapa, magalasi ali pamphuno. Pa nthawi ija ndinkakhulupirira kuti Che Saidi anandipatsa tupa chifukwa anaona kuti ndili ndi dzanja la mmisiri. Timipata titatu tili tolunjika bwino. Kachinayi, kanga kaja, n'kokhota, kozama mopitirira, ndipo nsambo yaikulu imatsetsereka pang'ono ukaimenya mwamphamvu. Ng'ombe zinkaphedwa Loweruka lililonse, tupa anali nalo, koma fupa limenelo sanalichotsepo.