Lole ya Agogo Inalibe Chitseko

Nkhani iyi sindinaifotokozepo yonse kwa munthu aliyense, ngakhale kwa malemu mkazi wanga. Kulemba ndinaphunzira nditamera kale ndevu, ku sukulu ya kwacha, ndipo dzanja langa limalemera pa cholembera, koma pepala lili ndi ubwino umodzi: siliyang'ana munthu m'maso. Chimene chafukula nkhaniyi ndi kalole kamene ndakhala ndikulumikiza ndi abwana anga a ku Fish Hoek, kuno ku Cape Town. Koma ndiyambe ndi agogo.

Ndikakumbukira agogo a Nedisoni ndimamva fungo la oyilo wakuda wa kuchigayo, litasakanikirana ndi utsi wa chingambwe komanso fumbi la pabwalo pamene pakusesedwa mame asanaume. Anali mlongo wawo wa agogo aakazi, ndiye kuti mwinimbumba wathu kwathu ku Chingale. Ukwati sunkamangidwa, munda sunkagawidwa, iwo asanatsokomole n'kulankhula. Anthu ankawatcha a Dalaivala chifukwa pa nkhondo yachiwiri ya azungu ankayendetsa lole ya asilikali ku Burma.

Lole imeneyo anaisema okha ndi mtengo wa mlombwa atabwerako. Inali yaitali ngati mkono wa munthu kuchokera pachigongono, matayala ake a mphira wa nkhwaira zakutha, tenti ya nsalu ya kabudula wa khaki, nyali zake mabatani awiri a yunifolomu. Mbali ya dalaivala kunalibe chitseko. Kumbuyo, pansi pa tenti, kunkakhala miyala isanu ndi inayi.

M'mawa uliwonse, nkhuku zitangotsika mumtengo, phala lisanapse, ankatulutsa loleyo pakhonde n'kuipukuta ndi kansanza koviika mu oyilo amene ankapempha kuchigayo. Kenaka ankatola miyala ija umodziumodzi, osaiyang'ana, akungoipapasa ndi chala chachikulu, n'kumatchula mayina mwapang'onopang'ono ngati mphunzitsi akuitana ana: "Mailosi. Fulaye. Saidi wamtali. Saidi wamfupi. Chikopa. Tebulo." Akafika pamenepo mbuzi zinkakhala zitayamba kulira ndipo ine ndinkathamangira kukhola, choncho mayina otsalawo sindinkawamva. Amene ankatsala pafupi anali achemwali anga a Esinati, ndi tsache lawo.

Tsiku lina ndinawafunsa, "Agogo, chitseko munaiwala?"

"Sindinaiwale. Tinkachotsa tokha, kuti ndege ikabwera munthu udumphe msanga." Analoza miyala ija. "Ine ndinadumpha. Awa anali kumbuyo, m'tenti."

Miyalayo anaitola pamalo pomwepo pamene anzawowo anafera, m'mbali mwa msewu wamatope, munthu mmodzi mwala umodzi, ndipo anabwera nayo m'sokosi pa sitima ya pamadzi. Kulemba sankadziwa. Mwala uliwonse unali ndi mphuno yake, mzere wake, ndipo chala chikakhudza, dzina linkabwera lokha.

Loweruka lina, ndili ndi zaka khumi, agogo anapita kutsidya kukamva mlandu wa banja. Anzanga anali ndi magalimoto a mawaya ndipo ankandiseka kuti yanga inkayenda chammbali ngati nkhanu. Ndinalowa m'nyumba mwa agogo, ndinakwera pa mtondo, ndinatsitsa lole ija pamwamba pa khoma, n'kuimanga chingwe cha khonje. Tsiku limenelo palibe anandiseka. Anzanga ankandipempha kuti akokeko ngakhale kamodzi, ine n'kumasankha. Titafika kumtsinje wina anati, "Tsitsa miyalayo, tinyamule mchenga." Ndinaikhuthula pomwepo, pa dooko pamene amayi ankachapira, pamene miyala ili yosawerengeka, ndipo masana ng'ombe zinadutsa pomwepo kukamwa madzi.

Nzeru zinandibwerera dzuwa litapendeka. Ndinafufuza ndikulira, ndikukwawa ndi mawondo, koma mwala uliwonse unkaoneka ngati womwewo. Ndinatola ina isanu ndi inayi yofananako, ndinaipaka oyilo wa agogo kuti ide, ndinabwezera zonse pakhoma.

M'mawa mwake ndinakhala pamalo panga. Agogo anatola mwala woyamba. Chala chinayenda, chinaima. Anaubweza n'kutola wachiwiri, wachitatu.

"Uyu si Mailosi," anatero.

Anabwereza mawuwo mokweza mpaka amayi anatuluka ndi mthiko m'manja, ndipo amalume a Gilibati, mlongo wawo wa amayi, anafika akumanga lamba. Amalume anawerenga ndi chala.

"Isanu ndi inayi. Yonse ilipo, nanga chavuta n'chiyani?"

"Ilipo, koma si anthu anga."

Amalume anatembenukira kwa ine. "Iwe Fakisoni, umakhala pompano tsiku lililonse. Miyalayi ndi yomwe ija kapena ayi?"

"Ndi yomweyo," ndinatero.

Ndikanalekera pamenepo, mwina bwenzi ndikugona tulo lero. Koma ndinaona lamba wa amalume, ndipo pakamwa panga panapitiriza pokha. "Dzana ndinawamvanso akuitana mbuzi yakuda ija kuti Fulaye."

Linali bodza. Amayi anatseka pakamwa ndi chitenje. Amalume anaseka pang'ono, n'kupukusa mutu. "Nkhondo ija yawabwerera m'mutu," anatero, ngati agogo palibe.

Agogo ananyamula lole ija, anazunguza tayala limodzi ndi chala, ndipo timchenga ta kumtsinje tinagwera pa mwendo wawo. Anatiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenaka anasasa mchengawo ndi dzanja amalume asanauone.

Kumudzi nkhani yoti munthu wazungulira mutu imathamanga kuposa ya maliro. Mwezi usanathe kunabwera anthu odzafunsira mbeta msuweni wathu, ndipo amalume a Gilibati ndi amene anakhala pa mphasa. Agogo anauzidwa kuti akapume, dzuwa lingawapweteke. Pogawa munda wa kudambo sanaitanidwe. Ana amene kale ankagwada powapatsa madzi anayamba kulira ngati mbuzi akamadutsa pakhonde pawo, ena n'kumafuula kuti Fulaye, ndipo ine ndinkaseka nawo kuti ndisaoneke wosiyana.

Lole sanasiye kuipukuta. Miyala yabodza ija anaisiya momwemo koma sankaikhudza, ankangotchula mayina maso ali m'mwamba. Poyamba ankamaliza. Kenaka anayamba kumapunthwa, kubwerera kwa Mailosi, kuyambiranso. Tsiku lina ndikubwera kukhola ndinawapeza akadali pomwepo, milomo ikugwedera, dzina litawathawa. Anandikodola.

"Mwala umadziwika ndi chala, mdzukulu wanga, osati ndi diso," anatero, osakalipa. "Ukadzaphunzira kulemba udzandilembere anthu anga. Akutsika m'lole mmodzimmodzi."

Ndinavomera ndi mutu n'kuthawa. Anamwalira patapita mvula ziwiri, ndipo loleyo anaikwirira nawo limodzi. Sukulu ndinaizemba mpaka ndinakula. Anthu ankati ndi chifukwa cha mbuzi, koma ine ndikudziwa kuti ndinkaopa tsiku lodzadziwa kulemba.

Kuno ku Cape Town ndinabwera motsatira mwana wanga. Ndimakhala m'mkuku, kachisakasa ka malata, ku Masiphumelele, ndipo masiku atatu pa sabata ndimagwira m'gadeni mwa a Piti, mzungu wokalamba kuposa ine. M'galaja mwawo muli mashelefu odzaza timagalimoto tankhondo timene akhala akulumikiza moyo wawo wonse. Chaka chino manja awo ayamba kunjenjemera, ndiye tsiku lina mphepo ya kuno itavuta kwambiri anandiitana.

"Madala, siyani masambawo, mphepo isesa yokha. Bwerani mundibwereke manja."

Patebulo panali katoni yodzaza tizidutswa totuwa ta rezini, utomoni wouma wa kufakitale umene amauthira m'chikombole. Sindinadziwe kuti n'chiyani. A Piti ankawerenga pepala la malangizo, ine n'kumachita. Choyamba tinatsuka tizidutswa tonse m'madzi a sopo ndi mswachi wakale, chifukwa timabwera ndi mafuta a m'chikombole ndipo penti sagwira. Kachidutswa kalikonse kanali ndi chitsa chake chofunika kuchekedwa ndi kasowo kopyapyala ngati lezala, kenaka kukhulidwa ndi sandipepa wonyowa.

"Nyowetsani, Madala, fumbi limenelo likalowa m'chifuwa silituluka. Ndikafa ine zikwanira, tisafe awiri."

Chidutswa cha pansi, chonyamula thupi lonse, chinali chokhota. Tinachiviika m'madzi otentha mpaka chinafewa, ndinachipanikiza patebulo ndi chikhatho, kenaka m'madzi ozizira, ndipo chinawongoka. Guluu wake sapereka mpata. Ukaika molakwa walakwa, ndipo kawiri konse ndinamata zala zanga, a Piti n'kumaseka mpaka kutsokomola. Ntchitoyo ndinaikonda. Ndinkafika msanga, n'kumathamangitsa udzu kuti ndilowe m'galaja.

Sabata yachitatu tinaika matayala, mphuno ya injini ndi mitanda ya tenti. Nditaiimika patebulo n'kubwerera m'mbuyo, ndinaona kuti ndi lole ya agogo yeniyeni. Mphuno yafupi ija, nyali ziwiri zija, msana wa tenti uja. Agogo sanaphonye kanthu ndi kasemasema wawo. Munthu amene tinati wazungulira mutu anasunga lole yonse m'mutu mwake.

Tinaipaka penti wobiriwira, ndipo a Piti anandionetsa kusungunula penti wakuda kuti alowe m'mizere, ioneke ngati yayenda m'matope. Fungo lake linali pafupi kwambiri ndi la oyilo wa kuchigayo. Kenaka anandipatsa kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo.

"Chitseko cha dalaivala. Guluu pang'ono chabe."

Ndinakagwira ndi kopanira, koma dzanja linakana.

"Ichi sitiika, bwana."

"Pepala likuti tiike."

"Pepala silinapite kunkhondo. Ankachotsa, kuti ndege ikabwera munthu adumphe."

A Piti anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana. "Anakuuzani ndani?"

"Agogo anga ankayendetsa yotereyi."

"Zaka zonsezi mukudula udzu wanga, osanena?" Anakankhira loleyo kwa ine. "Ndiye ndi ya kwanu imeneyi. Kumbuyoko muikemo katundu amene mukufuna tisanamate tenti. Muli timabokosi ndi timigolo m'katonimo."

Ndinati ndiganiza. Pobwerera ndinadzera kunyanja, ndipo ndinapezeka nditawerama, ndikusankha timiyala. Ndinali nditatola kale tinayi pamene ndinazindikira chimene ndikuchita: mwana yemwe uja, pa dooko lomwe lija, imvi zili mbuu. Ndinatitaya. Nditafika kumkuku ndinang'amba pepala m'kope n'kuyamba kulemba. Mailosi, Fulaye, a Saidi awiri, Chikopa, Tebulo. Pamenepo cholembera chinaima, pamalo pomwe mbuzi zinkalirira.

M'mawa mwake, ndisanamwe tiyi, ndinaimba foni kumudzi. Mdzukulu wa achemwali anathamanga nayo kukawapatsa.

"Achemwali, ndine Fakisoni."

"M'mawa wonsewu? Wamwalira ndani?"

"Palibe. Ndikufuna ndinene za miyala ya agogo a Nedisoni. Sinali yomweyo. Ndinataya ndine, ndipo za mbuzi zija ndinanama."

Pa foni ndinkamva nkhuku ndi mwana akulira chapatali.

"Ndinakuona ukutsitsa lole ija," anatero. Chikhalire amanditchula kuti achimwene, koma apa anabwerera ku iwe wa kale. "Ndinali kuseri kwa nkhokwe. Ndinkadikira kuti unene wekha, ndadikira mpaka mano atha m'kamwa. Nanenso ndinakhala chete pamene ankawaseka, ndiye usaganize kuti katunduyu wasenza wekha."

Kenaka ndinati, "Ndili ndi mayina asanu ndi limodzi. Ndalekezera pa Tebulo."

"Uli ndi cholembera pafupi?"

"Ndili nacho."

"Beniyasi. Akatero ankati Wisiki."

"Nanga lomaliza?"

"La kamwala kakang'ono kaja? Limenelo sankatchula mokweza, ankangogwedeza milomo. Ndinasesa pamenepo zaka zonse zija, sindinalimvepo."

Ndinalemba awiriwo. Pansi pawo ndinalemba nambala yachisanu ndi chinayi, n'kusiya mzere wake wopanda kanthu. Ndinapinda pepalalo mpaka linachepa ngati chala, ndinakwera tekisi ya ku Fish Hoek ngakhale silinali tsiku langa la ntchito, ndipo a Piti atanditsegulira galaja ndinaliika kumbuyo kwa lole ija n'kumata tenti. Chitseko ndinachibwezera m'katoni.